A Zilembo ndi b Wachitatu

Mumsewu wonsewo munalibe munthu amene ankawakonda a Zilembo. Iwo ankadziwa zimenezo, ndipo sizinkawasowetsa tulo. Dzinali anawapatsa ndi omata matayala a pakona chifukwa cha ntchito yawo: kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, bamboyu ankasanja ndi manja zilembo za mtovu m'kashopu kosindikiza makhadi ndi malisiti, kuseri kwa sitolo ya utoto ndi misomali. Anali wamtali, wowonda, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, ndipo zala zake zinada ndi inki yoti sopo anaigonjera kalekale. Ukawapatsa moni ankayamba akuyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu, kufunafuna polakwika.

Chipinda chawo chinali cha kumbuyo, cha windo limodzi. M'menemo munali kabati ya madirowa makumi awiri, dirowa lililonse logawidwa timabokosi, kabokosi kalikonse ndi chilembo chake. Ankatola chilembo chimodzichimodzi n'kumachiika chozondoka m'kachitsulo kogwira m'manja mpaka mzere udzaze. Mizereyo ankaimanga mu felemu, kuipaka inki, n'kumapalasa makina ndi phazi ngati telala, pepala limodzi kulowa, pepala limodzi kutuluka. Ntchitoyo ankaidziwa, ndipo ngakhale ine amene ndikuwanena pano sindingawalande zimenezo.

Vuto la zilembo za mtovu ndi lakuti zimatha. Zimaphwanyika, zimagwera m'ming'alu ya simenti, zina zimapita ndi tsache. Fakitale imene inkaziumba inatseka kalekale, choncho chotayika chinali chotayikiratu. M'dirowa lina munatsala ma w atatu, m'dirowa lina k mmodzi yekha ngati dzino la nkhalamba.

Apongozi awo, amene anayambitsa shopuyo n'kuwaphunzitsa ntchito, anali ndi njira yake chilembo chikaperewera. Umasiya mpata pamene chikusowapo, umasindikiza makhadi onse, kenako umasuntha chilembo n'kuwabwereza onse kachiwiri kuti chigwere ndendende pampata paja. Imeneyo ndi ntchito ya tsiku lathunthu, yotupitsa bondo. Mkuluyo ankakonda kunena kuti, "Mawu a kasitomala ndi mwana wa eni. Umam'bweza monga unam'landirira."

A Zilembo anapeza njira yawoyawo, ndipo ankainyadira kuposa ana awo. Sukulu anailekeza panjira, koma ali mnyamata anagula kwa wogulitsa mabuku akale dikishonale yopanda chikuto, n'kuyamba kukopera mawu a Chingerezi m'makope. Sankawalemba motsatira alifabeti ayi. Ankawasonkhanitsa malinga ndi zilembo zimene akufanana. Tsamba lina linali la mawu okhala ndi ma f awiri ogundizana, lina la mawu okhala ndi gh, lina la othera ndi tch. Pambali pa mawu aliwonse ankalemba tanthauzo lake m'Chichewa, ndipo kutsogolo kwake, ndi cholembera chofiira, mawu ena otanthauza zofanana koma opanda chilembo chovutacho. Makopewo anafika khumi ndi anayi. Chilembo chikaperewera, iwo sankavutitsa bondo. Ankatsegula kope, n'kusintha mawu a kasitomala, osam'funsa.

Ambiri sankazindikira n'komwe. Amene wazindikira n'kubwera kudzadandaula ankaona zakuda. A Zilembo ankatsitsa magalasi, kuika kope pakauntala, n'kuyamba mayeso.

"Mukuti mumadziwa Chingerezi? Chabwino. Tchulani mawu asanu okhala ndi ma f awiri."

Munthu uja n'kuchita chibwibwi: "Coffee... office..."

"Awiri. Mwatha? Pali suffer, kuvutika, monga mukuvutikiramu. Pali offer, kupereka. Pali traffic, magalimoto a pamsewu amene mudutse pobwerera kwanu. Ndiye inu mundiphunzitse ine?"

Munthu wamkulu, wa ndevu zake, ankatuluka atanyamula makhadi olembedwa mawu oti si ake, n'kupepesa pamwamba.

Khalidweli sankalisiya kuntchito. Akazi awo anali telala, ankasoka pakhonde la nyumba yawo, mayi wosalankhulalankhula. Akanena kuti, "Bambo, mwandikhumudwitsa," yankho linali lakuti, "Simunakhumudwe inu, mwangotopa." Akanena kuti, "Mwana uja munam'nyoza pagulu," iwo ankati, "Sindinam'nyoze, ndinam'konza." Zaka zonsezo mayiyo sananenepo mawu amene anabwerera kwa iwo monga anawatulutsira. Anzawo akawafunsa kuti amapirira bwanji, ankangoti wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima, n'kupitiriza kupinda mpendero.

Apongozi aja atamwalira, shopu inagwera mwana wawo wamwamuna, mlongo wake wamng'ono wa telala uja. Mlamu ameneyu anali bambo wa mimba ndi makiyi ambiri m'chiuno, wosadziwa kusiyanitsa b ndi d zikazondoka. A Zilembo ankayembekezera kuti shopuyo ikhala yawo, ndipo sanam'khululukire. Naye mlamuyo sanaiwale kuti pamaliro a bambo ake, a Zilembo anatenga pepala limene iye analemba n'kulikonza ndi cholembera chofiira anthu akuona. Chiyambire tsikulo sanamwerepo tiyi pamodzi. Mlamuyo anagula kompyuta n'kuiika kutsogolo, n'kumaibaya ndi zala ziwiri, ndipo chipinda cha kumbuyo ankachitcha kumanda. Makina akalewo anawasiya chifukwa cha zinthu ziwiri zokha: makhadi a zilembo zagolide, zomira m'pepala, zimene kompyuta inkalephera, komanso manyazi ndi achemwali ake.

Manyaziwo anatha tsiku limene mwini butchala anabwera akutukwana. Iye analemba kuti amagulitsa fresh meat, nyama yophedwa kumene, koma h anaperewera, ndipo mapepala mazana asanu anatuluka akunena kuti new meat. Anthu ankaima pabutchalapo n'kumafunsa kuti nyama yakale ili kuti.

Mlamu analowa kumanda kuja, makiyi akulira.

"Alamu, ndimvereni bwino, chifukwa sindibwerezanso. Wogula zitsulo zakale wakhala akundipempha makinawa ndi mtovu wonsewu. Mukadzangosinthanso mawu a munthu, ngakhale amodzi, ndimuitana abwere ndi sikelo yake. Inu mudzapita kunyumba kukathandiza achemwali kuika mabatani."

"Mutu wanu uli ngati dirowa la k," anatero a Zilembo osacheuka. "Ukaugwedeza mumalira kanthu kamodzi."

Koma anamva. Kwa miyezi inayi anasamala, moti mumsewu anthu anayamba kunena kuti mwina akudwala.

Lolemba lina kunabwera mayi wa yunifolomu yoyera, namwino, wa zaka ngati makumi asanu. Ankafuna makhadi zana limodzi ndi makumi asanu okumbukira mwamuna wake, amene Loweruka likubwerali ankakwanitsa chaka chimwalirire. Ankafuna zilembo zagolide, zopendekera, zikuluzikulu. Choncho mlamu anam'tumiza kumbuyo. Mayiyo anapereka kapepala. Pansi panali dzina la malemuyo ndi masiku ake, ndipo pamwamba panali mzere umodzi wokha: Sleep well, my stubborn husband.

"Monga ndalemberamu, bambo," anatero. "Ndidzatenga Lachinayi."

Atachoka, a Zilembo anakoka dirowa la zilembo zopendekera. Mzerewo unkafuna ma b atatu. M'kabokosi munali awiri. Anagwedeza dirowa, anasuzumira m'timabokosi toyandikana, anagwada n'kufufuza pansi pa kabati ndi waya. Ma q, amene ena amawazondotsa kuti aoneke ngati b, anatha kalekale. Ma b anali awiri basi.

Njira ya apongozi ija ankaidziwa. Anayang'ana makina, anasisita bondo, n'kutambasula dzanja kutenga kope lachisanu ndi chimodzi. Tsamba la ma b awiri linali lodzaza. Rubber, chofufutira. Robber, wachifwamba. Rubbish, zinyalala. Cabbage, kabichi. Pebble, kamwala. Chakumunsi, stubborn: wamakani, wouma mutu, wosamva za anzake. Kutsogolo kwake cholembera chofiira chinalemba obstinate, mawu otanthauza chimodzimodzi, okhala ndi b mmodzi yekha, moti zilembo zikanakwana. A Zilembo anawaona, n'kuwadumpha.

Apa ndiye pamene ndimawakwiyira bamboyu, chifukwa tsiku limenelo vuto silinali la b ayi. Mawuwo anawabaya. Mkazi angalembe bwanji, ndi golide, pamaso pa anthu zana limodzi ndi makumi asanu, kuti mwamuna wake anali wouma mutu? Munthu wagona, sangadziyankhire, ndiye mkazi am'vule pagulu? Iwo anaona kuti akum'teteza mwamuna mnzawo. Anasanja mawu akuti strong, wamphamvu, anamanga felemu, anapalasa tsiku la Lachiwiri, anathira ufa wagolide inki isanaume, ndipo makhadiwo anatuluka okongola kwabasi. Lachitatu lonse ankaimba mluzu. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachinayi masana namwino uja anamasula phukusi pakauntala yakutsogolo, pamaso pa mlamu ndi makasitomala awiri odikira malisiti. Anawerenga khadi limodzi. Anatenga lina, n'kuwerenganso.

"Wasindikiza izi ndani?"

A Zilembo anatuluka atanyamula kale kope, monga mwa masiku onse.

"Ndine, mayi. Chilembo chinaperewera, ndiye ndakuikirani mawu abwinopo. Mwina simukudziwa kuti stubborn ndi mawu onyoza. Tatchulani mawu ena atatu okhala ndi ma b awiri, tione ngati..."

"Tsekani kope lanulo."

Sanakuwe. Analankhula monga amalankhulira anamwino kwa wodwala amene wabisa mapiritsi pansi pa pilo.

"Mwamuna wanga sanali wamphamvu. Pomwalira ndinkamunyamula ndekha kupita naye kubafa. Anali wamakani. Miyezi isanu ndinam'gwadira kuti tipite kuchipatala, ine namwino, chipatala ndikugwirako ntchito, iye n'kumati ndi chimfine. Pamene ankavomera, madokotala anangondiyang'ana. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinkamutchula mawu amenewa m'mawa uliwonse, iye n'kumaseka. Ndi mawu omaliza amene ndinamuuza, ndipo anamva, chifukwa anandifinya chala. Ndiye inu, amene simunamuonepo n'kamodzi komwe, mwaona kuti mundikonzere mwamuna wanga?"

"Tanthauzo lake silikusiyana kwenikweni..."

"Bambo, inunso muli ndi mkazi?"

"Alipo."

"Mukamuuze kuti ndati pepani."

Anasiya makhadiwo pakauntala n'kutuluka. Makasitomala awiri aja ankayang'ana pansi, koma mapewa awo ankagwedezeka. Mlamu sanakalipe. Anali ndi nkhope ya munthu amene walandira mphatso imene anaiyembekezera zaka zambiri. Anatulutsa foni, n'kuimbira wogula zitsulo uja, a Zilembo ali pomwepo, mokweza kuti ndi omata matayala omwe amve: abwere mawa cha m'ma folo koloko, ndi lole ndi sikelo.

A Zilembo anaima nji. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire apongozi, anam'lankhula mlamu wawo modzichepetsa.

"Alamu, ndiwakonza. Ndipanga njira ya abambo, kawiri. Mayiwo awapeza Loweruka lisanafike."

"Konzani tione," anatero mlamu, akusewera ndi makiyi.

Iwo anamva ngati pali kampata. Lachisanu anafika shopu isanatsegulidwe, n'kudikira pakhomo monga mlendo. Anadula makhadi atsopano, anasanja mzere uja monga mayiyo analembera, n'kusiya mpata pa b wa mawu omaliza. Anapalasa makhadi onse mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako anamasula felemu, anachotsa zilembo zonse, n'kusiya b mmodzi yekha pamalo pake, atam'panikiza ndi timatabwa. Khadi loyamba b anagwera m'mwamba. Lachiwiri anapendekera kumanja. Anaika kapepala kopyapyala pansi pake, anayesanso, anayesanso, mpaka pa khadi lachisanu ndi chinayi b anakhala pampata paja ngati anabadwira pomwepo. Manja awo anali asanaiwale. Bondo linatupa mpaka thalauzi linathina, koma sanakhale pansi, ndipo tiyi amene akazi awo anawathirira mu fulasiki anazizira osakhudzidwa.

Wogula zitsulo anafika nthawi yake. Anaimika lole pakhomo, anatsitsa sikelo, n'kutsamira pachitseko cha kumanda kuja akuonerera. Anali munthu woleza mtima, wozolowera kudikira zinthu zimene zatsala pang'ono kukhala zake. A Zilembo sanam'yang'ane. Anamaliza khadi lomaliza, anathira golide, anapukuta, anamanga phukusi ndi ulusi, n'kutsimphina mpaka kutsogolo.

"Awa, alamu. Palibe mawu osinthidwa. Muwaimbire mayi aja."

Mlamu sanachotse maso pakompyuta.

"Mayi aja? Anabweranso dzulo lomwe inu mutangoweruka. Ndinawasindikizira pakompyuta, mphindi khumi zokha. Alibe golide, koma akuti bola mawu ndi awo."

"Ndiye tsiku lonseli mwandisiya ndikupalasa?"

"Ndimafuna ndione ngati njira ya abambo munkaidziwa. Kani munkaidziwa zaka zonsezi." Anacheukira wogula zitsulo uja. "Yambani ndi madirowa, achimwene."

Zilembo zimene zinasanjidwa zaka makumi asanu, chilichonse m'kabokosi kake, zinakhuthulidwa m'matumba a simenti, a pamodzi ndi z, zazikulu pamodzi ndi zazing'ono. Phokoso lake linali ngati la matalala padenga la malata. A Zilembo anatukwana. Anatukwana mlamu, kompyuta yake, mimba yake ndi makiyi ake, m'Chichewa chosafuna dikishonale, moti wa sitolo ya utoto anatseka chitseko chifukwa munali azimayi. Anthu anayi anakankhira makina pathabwa n'kuwakweza mulole. Makope khumi ndi anayi aja wogula zitsulo anawakana, akuti mapepala salemera kanthu.

A Zilembo anafika kunyumba dzuwa likadalipo, makope kukhwapa, phukusi la makhadi kudzanja. Akazi awo anali pakhonde, akusoka yunifolomu ya mwana wasukulu. Nkhani inali itafika kale, chifukwa mumsewu umenewo nkhani zimayenda mofulumira kuposa munthu wotsimphina. Mayiyo anakoka mpando, anabweretsa beseni la madzi ofunda kuti athowe bondo, kenako anamasula phukusi lija n'kutenga khadi limodzi. Analiyang'anitsitsa, akusisita golide ndi chala.

"Ntchito yabwino iyi, bambo. Chingerezi changa ndi chochepa. Palembedwa kuti chiyani?"

"Akuti, gona bwino, mwamuna wanga..." Anaima. Mawu akuti wolimba mtima anali kale pamlomo. Anayang'ana b wachitatu uja, amene anawadyera bondo tsiku lonse. "Wamakani. Wouma mutu. Wosamva za anzake."

"Mawu amodzi omwewa akunena zonsezo?"

"Zonsezo."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatenga sizasi yaikulu yodulira nsalu, anaika makhadi asanu pamodzi, n'kudula mbali ya pansi imene inali ndi dzina la malemu ndi masiku ake. Zodulazo zinagwera mudengu la zidutswa za nsalu. Anatenga ena asanu.

"Mukutani, mayi?"

"Ndikusunga. Makina apita, ndiye tsiku lanu likadzafika adzandisindikizira ndani zagolide chonchi? Dzina ndidzalemba ndi cholembera chanu chofiira chija."

"Mwakwiya inu."

"Sindinakwiye, bambo. Ndangotopa. Si mmene mumanenera?"

Sizasi inapitiriza kulira. A Zilembo anangoonerera, phazi lili m'beseni, makope ali pamiyendo. Atamaliza, mayiyo analinganiza makhadiwo pogogoda pathebulo la makina awo osokera, anawakulunga mu nsalu yoyera yotsala, n'kuwaika m'dirowa la pansi momwe ankasungamo masatifiketi a ana.

"Achuluka," anatero akutseka dirowalo. "Sindikudziwa ngati odzabwera adzakwane makumi awiri."